Dzimbiri ndi sitima ya Chauncy Maples

Sitima ya Chauncy Maples, yomwe idatumikira mishoni ya Anglican ya pa Likoma, idapangidwa ku Glasgow mu 1899 ndipo idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1901. Dzinali ndi la bishopu wa Likoma amene adamira m'nyanjayi mu 1895.

China chomwe chidaisunga n'chakuti madzi opanda mchere sadya chitsulo msanga. Komabe dzimbiri limalowa ndithu. Pokonza chombo chotere, amisiri amachitulutsa m'madzi, amapala dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, amadula malata ofooka n'kuwotcherera atsopano, kenaka n'kupaka penti. Kupaka penti pamwamba pa dzimbiri n'kungobisa nthenda, ndipo ndalama zimapita pachabe.

Ntchito yoisandutsa chipatala choyendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja idayambika ku Monkey Bay, koma sidafike kumapeto.