KAMFUTI KA MPWEYA: WOPHUNZIRA KUOMBERA AGULE KOTANI?

Mfuti imene anthu a kumudzi amaidziwa bwino ndi gogodela, ija yothira onga ndi kutsendera, ndipo mnyamata aliyense amayamba ndi legeni asanaikhudze n'komwe. Koma m'mizinda ya ku Migodi, monga Ndola ndi Kitwe, kumene ana ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke anapita kukagwira nchito, kumapezeka mtundu wina wa mfuti umene sufuna onga konse. Ndi kamfuti ka m'manja kamene kamaponya kacipolopolo ka mtovu ndi mphamvu ya mpweya, ndipo a m'sitolo amakacha air pistol. Nchito yake si yosakira nyama kapena yolondera nyumba ai. Ndi ya masewera oombera candamale ca pepala.

Munthu wokhala ku Northrise, dera la mayadi mu Ndola, akhoza kuyang'ana bwalo la kuseri kwa nyumba yake ndi kuganiza kuti malo ophunzirira masewerawa alipo kale, cotsala ndi kupeza kamfuti kochipa. Tsono mtengo wolembedwa pa bokosi ndiwo cinthu comaliza kufunsa. Kamfuti kochipa kweni-kweni ndi kamene lamulo lamulola kukhala nako, kamene bwalo lake lingakasunge osabvulaza mnansi, ndiponso kamene sikadzapitiriza kumudyera ndalama atakagula.

MASEWERA ENI-ENI

Kuombera ndi kamfuti ka mpweya ndi masewera odziwika pa dziko lonse, ndipo analowa m'mipikisano ya Olympics mu 1988 ku Seoul. Woombera amaima mamita 10 kucokera pa candamale, atagwira kamfuti ndi dzanja limodzi. Kacipolopolo kake nkotambalala mamilimita 4.5, ndipo kamalemera pafupi-fupi theka la galamu. Pepala la candamale ndi la masentimita 17 mbali zonse, koma kabwalo ka pakati, kopatsa mapointi 10, nka mamilimita 11.5 cabe, kunena kwake kongoposa pang'ono njere ya cimanga. Pa mpikisano munthu amaombera ka 60.

Mu 2024, pa masewera a Paris, Yusuf Dikeç wa ku Turkey, bambo wa zaka 51, pamodzi ndi mnzake Şevval İlayda Tarhan analandira mendulo ya siliva. Anthu anacita naye cidwi poona kuti anaima dzanja lina lili m'thumba, atabvala mandala wamba, pamene anzake anali ndi zipangizo zambiri kumaso. Cimene cinamufikitsa kumeneko ndi zaka zambiri zoyeserera, ndipo kuyeserera kumafuna kamfuti kamene munthu angathe kuombera kawiri-kawiri popanda kudandaula za m'thumba.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Mu Zambia nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo lochedwa Firearms Act, Chapter 110 ya malamulo a dziko. Lamuloli silinaiwale mfuti za mpweya, ndipo zina mwa izo limaziwerengera pamodzi ndi mfuti za onga, zimene munthu sangasunge popanda cilolezo. Motero ulendo woyamba si wa ku sitolo koma wa ku polisi. Wofuna kugula apite ndi dzina la kamfutiko ndi kukula kwa zipolopolo zake, afunse ngati kafuna laisensi ndi zimene ayenera kucita. Akagula, asunge risiti pabwino. Kugula kwa munthu wa m'njira amene alibe pepala lililonse ndi kudziitanira mlandu, pakuti wogula sadziwa kumene kacokera.

Pali cinanso. Timfuti tambiri ta mpweya timapangidwa mofanana ndi mfuti za asilikali ndi apolisi, kotero kuti madzulo palibe amene angasiyanitse. Wokatulutsa pa mseu, m'basi kapena pa malo omwera mowa adzatengedwa ngati ali ndi mfuti yeni-yeni, ndipo woopsezedwayo kapena wapolisi sadzayamba wafunsa. Ndiponso kusaka nyama zakuchire kuli ndi lamulo lake-lake, Zambia Wildlife Act ya 2015, limene limafuna cilolezo. Kamfuti ka candamale kakhale ka pepala basi.

MITUNDU INAI

Timfuti ta mpweya tilipo mitundu inai, ndipo kusiyana kwake kuli pa kumene kumacokera mphamvu yokankha cipolopolo.

Mtundu woyamba ndi wa sipuling'i. Woombera amathyolera mpope pansi, sipuling'i nkupanikizika, ndipo akakoka kacitsulo koombera, sipuling'i imafwamphuka ndi kukankha mpweya. Timeneti ntolimba ndiponso tochipa, koma timadumpha m'dzanja cipolopolo cisanatuluke, motero wophunzira amabvutika kudziwa ngati waphonya ndi iye kapena kamfuti. Kuombera kopanda cipolopolo kumaononga za m'kati mwake.

Mtundu waciwiri ndi wa gasi. Umagwiritsa nchito kabotolo kacitsulo ka magalamu 12 a gasi wa CO2, kamene kamaombera ka 40 kufikira ka 60 kenaka nkutayidwa. Timfuti totere ndito tokongola kopambana, timaombera motsatizana, ndipo nditonso timene timakopa maso a anyamata. Akuluakulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Citini cimodzi ca zipolopolo cimakhala ndi 500. Kuti munthu acimalize ndi kamfuti ka gasi adzagula timabotolo pafupi-fupi khumi, ndipo timabotoloto ntocokera kunja. Tikasowa m'sitolo, kamfutiko kasanduka cokongoletsa pa kabati. Wokhala kumudzi, kutali ndi masitolo a m'tauni, aganize kawiri pa mfundo imeneyi. Gasiyu amafookanso m'nyengo yozizira ya June ndi July, ndipo kabotolo kosiyidwa pa dzuwa la October, maka-maka m'galimoto yotseka, kangaphulike.

Mtundu wacitatu ndi wopopa ndi manja. Wina umafuna kupopa kamodzi kokha pa cipolopolo ciliconse, monga Beeman P17, kamfuti kopangidwa ku China motengera Weihrauch HW40 ya ku Germany. Wina umapopedwa kangapo, monga Crosman 1377 ya ku America, imene inayamba kugulitsidwa mu 1977. Iyo imalola kupopa mpaka ka 10, koma pa candamale capafupi katatu nkokwanira. Ubwino wa mtundu uwu ngwakuti mpweya wake ngwaulere, ndipo kamfuti sikadumpha m'dzanja. Kumene cipolopolo cagunda ndiko kumene woombera analoza, ndipo motero amaona yekha colakwa cake. Cobvuta cake ndi timphira totsekera mpweya timene timatha pakapita nthawi, koma ntosadula ndipo timasinthika. Potseka cogwirira copopera munthu asamale, cifukwa cimapana cikhatho.

Mtundu wacinai ndi umene akatswiri amagwiritsa nchito pa mipikisano, wa makampani monga Steyr, Morini, Walther ndi Feinwerkbau. Uli ndi thanki yodzazidwa ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri, ndipo umafuna pampu yake-yake. Mtengo wake ngwaukulu zedi, ndipo wophunzira alibe nao nchito.

Poyerekeza zonsezi, woyamba kumene amapindula ndi kamfuti kopopa kamodzi, ka zipolopolo za mamilimita 4.5. Maina amene achulidwawa ndi zitsanzo cabe. Cofunika ndi mtundu wake, kaya pa bokosi palembedwa dzina lotani. Ndi kamfuti kotere, munthu woombera ka 50 pa Ciweru ciliconse adzatha masabata 10 ndi citini cimodzi, popanda kugula cina ciliconse.

ZOYANG'ANA M'SITOLO

Wogula asanyengedwe ndi manambala a liwiro olembedwa pa bokosi. Pepala silifuna mphamvu zambiri, ndipo kamfuti kamphamvu kwambiri kamangoonjeza ngozi ndi phokoso. Ndiponso Ndola ili pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,300 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya ngopepukirapo, kotero kamfuti kopopa kapena ka sipuling'i kamacepa mphamvu pang'ono kusiyana ndi zimene analemba opanga. Pa mamita 10 zimenezi sizisintha kanthu.

Cofunika kopambana ndi mpope. Ukhale ndi mizere yopota m'kati mwake, imene imazungulitsa cipolopolo kuti ciyende molunjika. Kamfuti ka mpope wosalala, koombera timipira tacitsulo tochedwa BB, sikayenera pakhomo, cifukwa timipirato tikagunda cinthu colimba timabwerera kwa woombera kapena kwa woonerera. Zipolopolo za mtovu za mutu wafulati ndizo zabwino, popeza zimaboola pepala bwino ndipo zimaphwatalala zikagunda polimba.

Kaciwiri ayang'ane zolozera za pamwamba. Ca kumbuyo cikhale cosunthika ndi sikuluu, kukwera ndi kutsika, kumanja ndi kumanzere. Kacitatu ayese kacitsulo koombera. Pa mipikisano lamulo limati kasagonje ndi kulemera kosakwana magalamu 500, koma timfuti tina tochipa ntolimba mwakuti dzanja limanjenjemera pokoka. Pomaliza akagwire ndi dzanja limodzi, alitambasule, aone ngati angakhale tero kwa kanthawi. Pogula kogwirapo kale nchito, apope ndi kumvetsera. Kakamveka kutsonya mpweya, timphira tatha, ndipo mtengo uyenera kutsika.

BWALO NDILO LIWERUZA

Timfuti tambiri ta mpweya timaponya cipolopolo mamita oposa 100 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limeneli diso limaphulika, ndipo cipolopolo cingalowe m'khosi kapena m'mutu mwa mwana. Mu Northrise momwemo muli cipatala ca ana ca Arthur Davison, ndipo palibe kholo limene lingafune kuthamangira kumeneko cifukwa ca masewera a pa Ciweru.

Nyumba za m'mayadi zili ndi anansi kumbali ndi kumbuyo. Mpanda wa maluwa, wa waya kapena wa udzu suimitsa cipolopolo. Candamale ciyenera kuikidwa munsi, patsogolo pa khoma la njerwa lalitali kuposa munthu, kumene kulibe zenera, citseko kapena njira. Kumbuyo kwa pepala kukhale katoni yaikulu yodzazidwa ndi nsanza zotsenderedwa bwino, kapena matumba a mcenga, kuti cipolopolo cizikakamira momwemo. Kumudzi culu cacikulu cimathandiza, malinga ngati kuseri kwake kulibe njira ya kudambo, khola kapena malo osewerera ana. Mabotolo, miyala, malata, matayala ndi madzi si zoombera, pakuti zonsezi zimapatutsa cipolopolo. Munthu amene bwalo lake lilibe malo otere aleke kugula, ngakhale ndalama ali nazo.

Woombera ndi woonerera onse abvale mandala oteteza maso, aja amene amabvala ogwira nchito m'magalaji ndi m'migodi. Oonerera aime kumbuyo kwa woombera. Kamfuti kasalozedwe kwa munthu, ngakhale mwini wake akhulupirira kuti mulibe kanthu, ndipo cala cisakhudze koombera kufikira kamfuti kataloza pa candamale. Mowa ndi mfuti siziyenderana. Masewera akatha, kamfuti katsekeredwe ndi loko, zipolopolo kwina, ndipo mwana asakagwire wamkulu palibe.

MTOVU NDI POIZONI

Anthu a Zambia safunika kuuzidwa za kuopsa kwa mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake linapitiriza kudwalitsa ana a m'makomboni oyandikana nao kwa zaka zambiri pambuyo pake. Mtovu umaononga ubongo wa mwana pang'ono-pang'ono, osaonetsa cizindikiro msanga. Cizolowezi cosunga zipolopolo m'kamwa poombera nciopsa. Woombera asambe m'manja ndi sopo asanadye, ndipo zipolopolo zogwira kale nchito azitole ndi kuzisunga m'citini cotseka. Zisatsale pa bwalo pamene mwana amakwawa ndi pamene nkhuku zimatola-tola, kapena m'dimba la ndiwo.

KUYAMBA KWAKE

Wophunzira ayambe pafupi, pa mamita 5, atagwira ndi manja awiri, ndipo candamale cikhale kadontho kakuda kojambulidwa pa pepala lolimba. Diso lake likhale pa colozera ca kutsogolo, ngakhale candamale cioneke mwacimbuuzi. Apume, atulutseko mpweya pang'ono, aime, ndi kukoka koombera mosathamanga kufikira kamfuti katalira kokha. Asatsitse dzanja msanga.

Poyamba asadandaule za kulasa pakati. Aombere kasanu ndi kuona ngati mabowo ayandikana. Akayandikana, ngakhale ali kumbali, dzanja lakhazikika, ndipo cotsala ndi kutembenuza sikuluu ya colozera. Pamene mabowo asanu ayamba kukwana pansi pa kapu ya tiyi, abwerere m'mbuyo mita imodzi, kenaka ina, kufikira atafika pa mamita 10 amene amaimapo akatswiri. Pa pepala lililonse alembepo tsiku ndi kulisunga, kuti pakatha miyezi itatu aliyerekeze ndi loyamba lija.