Ndinkanyamula chikwama cha abwana, lero gofu ndikumenya ndekha ku London

Ndili mnyamata ku Limbe, gofu ndinkamudziwira kumsana. Loweruka lililonse ndinkanyamula chikwama cha ndodo cha abwana ena, kuwasakira mipira m'tchire, madzulo n'kulandira kangachepe kogulira sopo ndi makope. Zoti n'kugwira ndodo n'kumenya mpira pakapinga weniweniyo, ayi, zinali za eni ake. Ife tinkasema ndodo za mtengo wa gwafa n'kumamenyera kuseri kwa mpanda.

Ndiye mkulu wina wa ku Chipata, amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba kuno ku London, atandiuza kuti, "Achimwene, Lachiwiri tonse tili pa ofu, tiyeni tikamenye gofu," ndinangoseka. Ndinati, "Akulu, ndalama yake iti? Ya lendi ija?" Iwo anandifotokozera kuti mumzinda uno muli mabwalo a gofu a anthu wamba, amene malo ake ndi a khonsolo kapena a boma. Sufunika kukhala membala, sufunika wokuperekeza wodziwika. Umasungitsa nthawi pa intaneti, kulipira za tsiku lomwelo, basi. Papita zaka zitatu tsopano, ndipo malo atatu ndi amene ndawapondaponda mokwanira kuti ndiwayerekeze.

Tinayambira ku Richmond Park, kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawu. Kumeneko kuli mabwalo awiri a mabowo 18 lililonse. La Prince's linatsegulidwa mu 1923, la Duke's mu 1925, ndipo cholinga chake chinali choti amisiri ndi antchito amene sakanakwanitsa kulowa makalabu a anthu olemera apeze posewerera. Anakonza mabwalowa ndi Fred Hawtree ndi J.H. Taylor. Taylor ameneyu anapambana mpikisano wa Open Championship kasanu, koma anayamba ngati ine: kamnyamata konyamula zikwama za ena ku Westward Ho!, m'dera la Devon. Nditamva zimenezi ndinayenda pabwalopo chifuwa chili patsogolo.

Kwa munthu wongoyamba, Duke's ndiye mnzako. Malo ake ndi athyathyathya, njira za mpira n'zotakasuka, ngakhale kamtsinje ka Beverley Brook kandidyera mipira ingapo. Prince's ili ndi zitunda pang'ono ndipo imafuna kuganiza. Vuto la ku Richmond Park ndi kuchuluka kwa anthu. Loweruka dzuwa likawala, umadikira pa bowo lililonse ngati uli pamzere wa chigayo.

Chingford, kumpoto chakum'mawa, ndi nkhani ina. Bwaloli lili m'mphepete mwa nkhalango ya Epping Forest, likuyang'aniridwa ndi City of London Corporation, ndipo gofu anayamba kuseweredwa pamenepo mu 1888. Ukatsika sitima yochokera ku Liverpool Street, mphindi zochepa wafika, zomwe ndi zofunika kwa ife opanda galimoto. Pano gofu sanatchingidwe ndi mpanda. Anthu amadutsa ndi agalu awo, ena pa njinga, ndipo nthawi zina umaona ng'ombe za nyanga zitalizitali zikudya msipu chapafupi. Ndinakumbuka kwathu, kumene mbuzi sizipempha chilolezo polowa m'bwalo la mpira. Chifukwa cha anthu odutsawa, kwa zaka zambiri osewera pano ankalamulidwa kuvala chofiira kuti azionekera patali, mwambo umene ku Wimbledon Common akuusungabe mpaka lero.

Kamangidwe ka Chingford n'kachikale. Palibe amene anabwera ndi makina kudzaumba mapiri kapena kukumba maiwe. Anangotsata mmene nthaka inalili, ndipo mitengo ndi imene imakulanga ukamenya mokhota. Koma dothi lake ndi lamakande. M'miyezi ya chisanu nsapato zimalemera ngati wachokera kudimba.

Lachitatu ndi Hainault, m'dera la Redbridge, kumalire ndi Essex. Nakonso kuli mabwalo awiri a mabowo 18, ndipo dzanja la Taylor ndi Hawtree likuonekanso. Ngati funso ndi loti bwalo lokonzedwa mwaluso ndi liti, ine voti yanga ili pano. Mabowo amakwera ndi kutsika zitunda, moti kawirikawiri umamenya mwendo wina uli pamwamba, wina pansi, ndipo ukafika pamtunda nyumba zitalizitali za pakati pa London zimaonekera kutali. Chokhacho, usapiteko utangoweruka shifiti ya usiku. Ndinayesapo kamodzi, pofika bowo la 14 maondo anali atakana.

Mwachidule, wophunzira apite ku Richmond Park, wofuna kuyesa luso apite ku Hainault, koma mtima wanga uli ku Chingford. Kumeneko ndinaseweretsedwa ndi dalaivala wa basi wopuma pantchito ndi mnyamata womanga nyumba, ndipo palibe anandifunsa kuti ndimagwira kuti. Anangoti mpira wanga wagwera kumanzere kwa mtengo uja.

Chondidetsa nkhawa n'choti malo otere akuchepa. Bwalo la ku Beckenham Place Park, limene khonsolo ya Lewisham inkayendetsa, linatsekedwa mu 2016, ndipo lero anthu amasambira m'dziwe la m'pakiyo. Ku Ealing, bwalo la Perivale Park linatsekedwa mu 2024 kuti likhale paki. Makhonsolo amanena kuti malo aakulu chonchi azipindulira anthu ambiri, osati osewera ochepa, ndipo mfundoyo si yopusa. Koma makalabu a olemera satsekedwa kawirikawiri. Chimene chimapita ndi khomo lokhalo limene munthu wolandira malipiro a pa ola akanalowera.

Tsono abale anga, kaya muli ku Luton, ku Leeds kapena ku Dublin, fufuzani ngati khonsolo yanu ili ndi bwalo lotere. Ndodo zakale zimapezeka motchipa m'mashopu a kaunjika a mabungwe achifundo, m'mabwalo ambiri amabwereketsanso, ndipo chakumadzulo mtengo wosewerera umatsika. Tinabwera kudzagwira ntchito, inde, ndipo kumudzi akudikira ya feteleza ndi ya fizi. Koma thupi limene limangodziwa shifiti, basi ndi bedi silichedwa kutha. Maola anayi oyenda pakapinga, foni ili m'thumba, andithandiza kugona kuposa mankhwala aliwonse.

Ndikadzapita kutchuthi ndidzanyamula ndodo ziwiri zakale za mwana wa achemwali anga, amene ndamva kuti wayamba kunyamula zikwama Loweruka. Ndidzamuuza za J.H. Taylor, kenako ndidzamuuza kuti amenye, chikwama ndinyamula ndine.