Mafuwa Atatu a Sukulu

Mayi akafuna kuphika nsima amayamba waika mafuwa atatu, kenaka nkutereka mphika. Fuwa limodzi likasuntha, mphika umapendekeka ndipo phala limatayikira pamoto. Sukulu nayonso imakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi aphunzitsi, lachiŵiri ndi makolo, ndipo lachitatu ndi anthu onse a m'midzi yozungulira sukuluyo pamodzi ndi mafumu awo. Mumphikamo muli maphunziro a ana.

Mgwirizano umenewu sudayambe lero. Sukulu zoyamba m'Malaŵi zidatsegulidwa ndi amishoni amene adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Pamene sukulu zidayamba kufalikira m'midzi, amishoniwo ankatumiza mphunzitsi, koma malo ankapereka ndi amfumu. Amuna ankadula mitengo ndi kuzika nsichi, amayi nkumamweta udzu wofolera ndi kuzira pansi. Motero kuyambira kalekale, sukulu ya m'mudzi idali ntchito ya manja a eni mudzi.

M'chaka cha 1994 boma lidalamula kuti ana asamalipirenso fizi m'sukulu za pulaimale. Ana adakhamukira kusukulu mwaunyinji, kotero kuti chiŵerengero chawo chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda zophunziriramo zidachepa, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mvula ikagwa, maphunziro ankathera pomwepo. Apa mpamene anthu adaonanso kuti mutu umodzi susenza denga. Mafumu adagaŵa ntchito: mudzi uwu kuumba njerwa, mudzi uwo kututa mchenga kudambo, wina kuswa miyala ndi kutunga madzi. Boma ndi mabungwe adathandiza ndi simenti, malata ndi malipiro a amisiri. Zipinda zambiri zimene ana akuphunziriramo lero zidamangidwa mwa njira imeneyi.

Kuti mafuwa atatu aja akhale molingana, pasukulu pamakhala magulu osankhidwa ndi anthu eni ake. Gulu loyamba ndi komiti yoyang'anira sukulu. Komitiyi imaona za nyumba, zimbudzi, mjigo ndi madesiki, ndiponso imalondoloza ndalama za chitukuko kuti zigwire ntchito yake. Gulu lachiŵiri ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Pamsonkhano wa bungweli mphunzitsi wamkulu amafotokoza mmene ana akhozera mayeso ndi mavuto amene aphunzitsi akukumana nawo. Makolo nawonso amapereka madandaulo awo poyera, m'malo mong'ung'udzira kumbali. Gulu lachitatu ndi la amayi. Iwoŵa amalangiza atsikana, ndipo mwana akasiya sukulu amamlondola kwawo kuti akamve chimene chavuta. Nthaŵi zina amapeza kuti mwanayo alibe chovala kapena makope, kapena kuti akulera ang'ono ake chifukwa makolo adamwalira. Zikatero amayiwo amafunafuna chithandizo mpaka mwanayo atabwerera m'kalasi. Pajatu mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mdani wina wamkulu wa maphunziro ndi njala. Mwana amene wachoka kunyumba m'mimba muli pululu samva zimene mphunzitsi akunena. Amangosinza kapena kuthaŵa nthaŵi yopumula. Pofuna kuthetsa vutoli, bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka phala kwa ana 200 m'Malaŵi m'chaka cha 2002, ndipo ntchitoyo idafalikira m'sukulu zambirimbiri. Bungweli limabweretsa ufa wa Likuni Phala, umene ndi wa chimanga chosakaniza ndi soya. Koma ufa paokha sudyeka. Ophika phalalo ndi anthu a m'midzi momwemo, makamaka amayi, amene amagwira ntchitoyi mosinthana popanda malipiro. Iwo amalaŵira mbandakucha, natunga madzi, nasonkha moto ndi kutakasa miphika ikuluikulu kuti ana akamafika apeze phala lapsa.

Mafumu nawo ali ndi mphamvu imene mphunzitsi alibe. Mphunzitsi sangathe kuletsa kholo kutuma mwana kukaŵeta ng'ombe kapena kukagulitsa malonda pa tsiku la msika, koma mfumu ikhoza kuitanitsa khololo pabwalo. M'madera ambiri mafumu adagwirizana ndi anamkungwi kuti zinamwali zizichitika pa nthaŵi ya tchuthi. Kwina m'chigawo chapakati adafika potulutsa gule wamkulu m'maŵa kuti azikusa ana ojomba kupita nawo kusukulu. Ku Dedza, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto idatchuka ngakhale kunja kwa dziko lino chifukwa idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Idachotsanso paudindo mafumu ang'onoang'ono amene ankavomereza maukwati otere. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lakuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi lamuloli.

Komabe ntchito yaikulu ya makolo ili panyumba. Kholo, ngakhale losadziŵa kuŵerenga, likhoza kudzutsa mwana m'maŵa, kumpatsa mpata wolemba ntchito yakunyumba dzuŵa lisanaloŵe, ndi kumuuza kuti aliŵerengere zimene waphunzira. Mwana akaona kuti kwawo amafunsa za sukulu, amalimbikira. Kholo loganiza kuti ntchito yake idatha tsiku limene lidakalembetsa mwana, lachotsa fuwa limodzi pamoto.

Nanga mwana wasukulu mbali yake ndi yotani? Iye ndiye mthenga woyenda pakati pa sukulu ndi mudzi tsiku ndi tsiku. Kalata yoitanira makolo kumsonkhano imadzera m'manja mwake. Akaitaya panjira, makolo ake sakamva zimene anzawo apangana. Ayeneranso kusamala mabuku, madesiki ndi mazenera, pokumbukira thukuta la anthu amene adasenza mchenga pamutu ndi amayi amene amasiya tulo kuti iye amwe phala. Njira yabwino yowathokozera ndiyo kufika kusukulu masiku onse ndi kuphunzira mwakhama.

Mafunso

1. Tchulani mafuwa atatu a sukulu.
2. Kodi nchifukwa chiyani zipinda zophunziriramo zidachepa m'chaka cha 1994?
3. Gulu la amayi limachita chiyani mwana akasiya sukulu?
4. Fotokozani zinthu ziŵiri zimene mafumu achita pothandiza maphunziro.
5. Kodi kholo losadziŵa kuŵerenga lingathandize bwanji mwana wake?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mawu aŵa: mafuwa, nsichi, kukhamukira, mbandakucha, kujomba.
(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Mutu umodzi susenza denga."
(c) Funsani akuluakulu a kwanu mmene sukulu yanu idamangidwira, ndipo mulembe ziganizo zisanu pa zimene mwamva.