Kodi mumadziwa? Bronco, mapiritsi ndi chiwindi

Ku Chitungwiza, komwe kulinso mabanja ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, achinyamata ena amamwa BronCleer, mankhwala a chifuwa omwe amangowatchula kuti Bronco. Mankhwalawa amalowa m'Zimbabwe mozembetsa kuchokera ku South Africa, ndipo muli codeine. Chiwindi chimasandutsa gawo lina la codeine kukhala morphine, thupi n'kuzolowera mpaka kumafuna mlingo wokulirakulira.

Ena amati codeine payekha savulaza chiwindi kwenikweni. Akunena zoona, koma vuto lagona pa zomwe amayendera limodzi. Bronco akasowa, munthu amene anazolowera amatha kuthamangira mapiritsi opha ululu omwe muli codeine wochepa koma paracetamol wambiri. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 a paracetamol patsiku, chikhalirecho wofuna kuledzera amameza mosawerenga, mwinanso n'kutsitsira mowa. Zikatero chiwindi chimalephera kuchotsa poizoni yemwe amapangika chikamagaya paracetamol, ndipo chimayamba kuwonongeka. Choopsa kwambiri n'chakuti tsiku loyamba munthu amangomva nseru kapena osamva kanthu. Maso amadzachita chikasu patapita masiku 2 kapena 3, zinthu zitaipa kale. Mankhwala oletsa poizoniyu, acetylcysteine, amagwira bwino akaperekedwa maola 8 asanathe kuchokera pamene munthu wameza mapiritsiwo. Choncho wachibale wanu akameza mapiritsi ambiri, musadikire kuti ayambe wadwala. Thamangirani naye ku Chitungwiza Central Hospital, ndipo mutenge mapaketi a mapiritsiwo kuti adokotala akawaone.