Netiweki ilipo, koma uthenga sukupita

Mwezi wa October ukafika, njira zonse zimaloza kwa Chonde m'boma la Mulanje, komwe kumachitikira mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Ng'oma za tchopa zikangolira, mafoni amakwera m'mwamba, aliyense akujambula kuti atumizire abale ku Lilongwe kapena ku Joni. Posakhalitsa madandaulo amayamba. Timizere ta netiweki tadzadza, bandulo ilimo, koma kanema wangoti njo, osasuntha. Chonsecho mnzako pambalipa akucheza pa foni bwinobwino.

Foniyo siinafe ayi. Timizere tija timangosonyeza mphamvu ya mafunde ochokera pa nsanja ya netiweki. Sitinena kuchuluka kwa anthu amene akuilimbirana. Kampani iliyonse, kaya TNM kaya Airtel, ili ndi gawo lake la mafunde a wailesi lomwe bungwe la MACRA lidaipatsa, ndipo gawolo silikula chifukwa choti kwabwera namtindi wa anthu.

Nsanja imachita ngati mfumu pabwalo: palibe woyankhula asanapatsidwe mpata. Pa 4G imagawa mipata imeneyi mpaka ka 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo siigawa mwachisawawa. Oimba foni amatsogola. Mawu akachedwa pang'ono chabe anthu amayamba kudulana pakamwa, pomwe chithunzi chikachedwa ndi mphindi ziwiri chimafikabe chathunthu. Koma dziwani kuti kuimba kwa pa WhatsApp netiweki nthawi zambiri imakuwerengera ngati deta wamba, n'chifukwa chake kumadukaduka pagulu.

Kuno phiri nalo lili ndi mbali yake. Nsonga ya phiri la Mulanje, Sapitwa, idatalika mamita 3,002, ndipo mafunde sabowola mwala. Foni imene ili m'chigwa kapena kuseri kwa phiri imamva nsanja movutikira, choncho imadya mipata yambiri kuti itumize zochepa. Nsanja ikakondera okhala pafupi, wakutali amangodikira. Ikalimbikira wakutali, onse amachedwa. Akatswiri amayesa kudutsa pakati.

Wi-Fi ya mu ofesi kapena pa loji pa Boma ilibe mfumu yotere. Chipangizo chilichonse chimayamba chamvetsera. Kukakhala zii, chimadikira kanthawi kosankhidwa mwamaere, kenako n'kutumiza. Ziwiri zikatumiza nthawi imodzi mauthenga amawombana, zonse n'kubwerera kukadikira nthawi yotalikirapo. Nzeru yodikira mwamaereyi idachokera ku Hawaii, komwe mu 1971 Norman Abramson ndi anzake adalumikiza makompyuta a pa zilumba pogwiritsa ntchito wailesi. Mu 2005 malamulo a Wi-Fi adaonjezera magulu anayi: mawu, kanema, deta wamba ndi zoyenda mwakachetechete monga foni ikamadzikonza yokha. Gulu la mawu limadikira pang'ono kuposa onse, ndiye kawirikawiri limapeza mpata msanga.

Wina angati izi n'za anthu a makompyuta. Koma amene adaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa bwino. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri, milatho idakokoloka, magetsi adathima. Pa tsiku lotere nsanja zina zimazima, zotsala zimasenza katundu wa zinzake, ndipo dongosolo la woyamba ndi wotsiriza ndilo limagamula ngati mayi wofuna thandizo amveka kapena ayi. M'posayenera kuti foni yake itsekerezedwe ndi makanema.

Makampani a mafoni ali ndi chochita. Tsiku la Mulhako limadziwikiratu, masiku a msika wa Limbuli sasintha, ndipo nyengo ya anamondwe siibwera mobisa. Nsanja zoyenda pa galimoto ndi mabatire okhalitsa zikonzekeretu nthawi ikadalipo.

Nanu awerengi, mukakhala pa chikhamu kapena pakagwa ngozi, imbani mwachindunji kapena tumizani SMS, yomwe imadya malo ochepa kwambiri. Kanemayo mukatumize mukafika kunyumba.