Bere lichotsedwa ku Lusaka, bala lidzapolera ku Kafue Estates

Isanakwane 7 koloko m'mawa, dzanja la mayi wa ku Kafue Estates limakhala litagwira kale ntchito zingapo. Lasesa pabwalo, lanyamula chigubu cha madzi, lakoleza mbaula poti magetsi apita, lasambitsa mwana, layanika zovala pachingwe. Masana lidzatakasa nsima ya banja lonse, ndipo aliyense amene anagwirapo mthiko amadziwa kuti nsima ikayamba kulimba mumphika, mphamvu imachokera paphewa.

Phewa lomweli ndi limene limafooka mayi akachitidwa opaleshoni yochotsa bere chifukwa cha khansa. Opaleshoniyo imatenga maola ochepa, ndipo m'chipatala amagonamo masiku owerengeka. Kenako amapatsidwa mankhwala ndi kapepala ka tsiku lobwerera, n'kuuzidwa kuti asanyamule cholemera kwa milungu 4 mpaka 6. Milungu imeneyo amaithera kunyumba, makilomita pafupifupi 45 kum'mwera kwa Lusaka, kumene kulibe namwino wa usiku, kumenenso ntchito zonse zinazolowera kudikira iyeyo. Banja limene layamba kuganiza za zimenezi wodwala atafika kale pakhomo limakhala litachedwa.

Mayi akagona, pamaima ziwiri

Nyumba za ku Kafue Estates anazimangira anthu ogwira ntchito m'mafakitale amene boma linakhazikitsa dziko litalandira ufulu, monga Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndi Kafue Textiles. Fakitale ya nsalu itatsekedwa, ntchito n'kuchepanso kwina, makomo ambiri anayamba kudalira malonda a amayi: tomato ndi masamba pamsika, nsomba za mumtsinje wa Kafue, salaula, zitumbuwa. Pakhomo lotere mayi akagona, moto wa kukhitchini ndi ndalama ya ndiwo zimaima tsiku limodzi.

Matenda a khansayi ndi ofala kuposa mmene ambiri amaganizira. Kwa amayi a mu Zambia, khansa ya m'mawere ndi yachiwiri, ndipo yoyamba ndi ya khomo la chiberekero. Bungwe la World Health Organization (WHO) linawerengera kuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka nayo, ndipo 670,000 anamwalira. Kafukufuku wotchedwa ABC-DO, amene anatsatira amayi odwala khansayi m'maiko asanu a mu Africa kuphatikizapo Zambia, anasonyeza mu 2020 kuti patapita zaka 3 amene anali adakali moyo anali pafupifupi theka. Zifukwa zikuluzikulu zinali kufika mochedwa kuchipatala ndi kusamaliza chithandizo. N'chifukwa chake dongosolo limene WHO inakhazikitsa mu 2021 likufuna kuti odwala osachepera 80 pa 100 alionse azimaliza chithandizo chonse chimene alemberedwa.

Kumaliza kumeneku kumayambira panyumba. Bala likachedwa kupola chifukwa mayi wabwerera msanga ku ndowa ndi mthiko, chithandizo chotsatira ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chimene chinatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, chimachedwanso.

Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini

Chinthu choyamba kukonza n'chosagula ndi ndalama. Tsiku la opaleshoni likadziwika, banja likhale pansi n'kugawana ntchito potchula maina. Mawu akuti tidzathandizana amatha msanga achibale ochokera kutali akabwerera kwawo. Pafunika kudziwa amene adzatunge madzi, amene adzaphike, amene adzachape, amene adzayang'anire thebulo la pamsika, ndi amene adzagone pafupi ndi wodwala mlungu woyamba. Anyamata a pakhomo ndi bambo mwini alowemo m'ndandandawu.

Za madzi zisapeputsidwe. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, pamene mayi amene wangosokedwa sayenera kunyamula ngakhale ketulo yodzaza ndi dzanja la mbali ya bala. Kafue ndi kumene kuli malo oyeretsera madzi a Iolanda amene amapopera madzi ku Lusaka, komabe anthu a m'tauniyi amadziwa kuti pompi ikhoza kuuma. Madzi osungidwa akhalepo, ndipo akumwa ndi osamba m'manja posintha nsalu ya pabala akhale owiritsa kapena othira klorini. Chilala cha 2024 chinaphunzitsanso aliyense kuti magetsi akhoza kusowa pafupifupi tsiku lonse, choncho tochi kapena nyale ya sola ikhale pafupi ndi bedi, ndipo foni izikhala ndi moto.

M'nyumba, zonse zimene mayi amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zitsitsidwe pamwamba pa kabati n'kuikidwa pamene angafike osakweza mkono: kapu, mbale, sopo, mankhwala. Zovala zikhale zotsegula kutsogolo, monga shati yaikulu ya mabatani, chifukwa diresi lolowetsa kumutu limamukakamiza kutukula manja. Chitenje azimanga m'chiuno, asamange pachifuwa monga amachitira popita kubafa. Mapilo awiri kapena atatu akonzedwe, ena otsamira kuti azigona chagada mutu uli chokwera, ndi kamodzi kakang'ono koika m'khwapa. Ngati pali mwana wozolowera kumsana kwa amayi ake, ayambe kuzolowera msana wina opaleshoni isanachitike.

Ulendo wobwerera nawo ukonzedwe. Minibasi yodzaza, mahampu a pamsewu wodutsa ku Chilanga ndi zigongono za okwera anzake zimapweteka bala latsopano. Ngati m'banja kapena kutchalitchi muli wa galimoto, apemphedwe nthawi ikadalipo, ndipo kapilo kaikidwe pakati pa lamba ndi chifuwa. Ngati ndi basi basi, mayi akhale pampando umene mbali ya bala sikhudzana ndi munthu, ndipo womuperekeza anyamule katundu yense.

Kachubu ndi kabotolo

Chimene chimaopsa mabanja ambiri n'kuona mayi atatuluka ndi kachubu kochokera pansi pa khungu, kolumikizidwa ku kabotolo. Ntchito yake n'kuchotsa madzi amene amasonkhana pamalo pamene panali bere ndi m'khwapa. Poyamba madziwo amakhala ofiira, kenako amayera pang'onopang'ono mpaka kukhala achikasu. Kachubuko kamakhala mlungu umodzi kapena iwiri, ndipo madokotala ambiri amakachotsa madzi akatsika kufika pa mamililita 30 mpaka 50 pa maola 24, kutanthauza masupuni aakulu awiri kapena atatu.

Asanatuluke m'chipatala, wodwala ndi womudwazika apemphe anamwino awasonyeze kakhuthulidwe ka kabotolo, mpaka achite okha anamwinowo akuona. Kunyumba kukhale kabuku kolembamo kuchuluka kwa madzi tsiku lililonse pa nthawi yofanana. Kathumba ka nsalu kokoleka m'khosi kapena m'chiuno, kamene telala aliyense wa pamsika angasoke ndi chidutswa cha chitenje, kamateteza chubu kuti chisakodwe pachitseko. Afunsenso funso limene ambiri amaliiwala: kodi kusintha nsalu ya pabala ndi kuchotsa ulusi kungachitikire ku Kafue General Hospital kapena kukiliniki yapafupi, kapena mpaka abwerere ku Lusaka? Yankho lilembedwe pakhadi, pamodzi ndi nambala yoimbira zinthu zikasintha usiku.

Pabala pasaikidwe china chilichonse chimene chipatala sichinanene, kaya ndi mafuta odzola, phulusa, masamba osinja kapena mankhwala a m'botolo ogulidwa kwa oyendayenda. Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tsiku la pakhadi: thupi kutentha kufika madigiri 38, bala kufiira, kutentha kapena kutuluka mafinya onunkha, chifuwa kutupa mwadzidzidzi ndi kuda, kabotolo kudzaza magazi msanga, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka pakatumba, kapena kubanika. Izi n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Kachubu katachotsedwa, nthawi zina madzi amasonkhananso pansi pa khungu n'kupanga chotupa chofewa chimene madokotala amati seroma. Chimenechi n'chofala, ndipo chikakula amachipopa ndi jakisoni kuchipatala. Dzanzi la m'khwapa ndi mkati mwa mkono nalo limachitika chifukwa timitsempha tina timadulidwa, ndipo limatha kukhala miyezi.

Mkono upume, koma usagone

Achibale okonda wodwala amalakwitsa mbali ziwiri. Ena amamusiya abwerere ku ntchito zolemera, ena amamuletsa ngakhale kugwira supuni. Mkono umene sukuyenda umauma paphewa, ndipo mayi amene sangathe kukweza mkono pamwamba pa mutu amavutika kugona mmene makina a radiotherapy amafunira. Kawirikawiri masewera opepuka amayamba tsiku lotsatira opaleshoni: kufumbata ndi kutambasula zala, kupinda chigongono, kukweza ndi kutsitsa mapewa. Kachubu kakachoka ndipo dokotala akavomereza, mayi amaima moyang'ana khoma n'kumayendetsa zala chokwera, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono. Kachizindikiro ka choko pakhoma kamasonyeza mmene akupitira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyenda pang'ono pabwalo m'mawa ndi madzulo kumathandizanso kuti magazi asaundane m'miyendo.

Nthawi zambiri dokotala amachotsanso timinofu ta m'khwapa, tija tikatupa timati mwanabere. Timeneti tikachoka, madzi a m'thupi amatha kudzaza mumkono n'kuutupitsa, vuto lotchedwa lymphoedema, limene limagwira mayi mmodzi mwa asanu alionse amene achotsedwa timinofu tambiri. Likhoza kuyamba patapita miyezi ngakhale zaka. Mkono umenewo usamalidwe moyo wonse: kupewa kupsa pambaula, kudzicheka popala nsomba, kulumidwa ndi udzudzu, ndi kuvala chibangili chothina. Kabala kalikonse katsukidwe msanga. Mphete ikayamba kuthina kapena mkono ukamalemera, mayi akanene kuchipatala kutupa kusanakule.

Chakudya chapadera chodula sichifunika. Thupi lopola bala limafuna nyemba, nsinjiro, mazira, kapenta, nsomba, mkaka, masamba ndi zipatso, pamodzi ndi madzi okwanira, makamaka poti mankhwala ena opha ululu amaumitsa m'mimba. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP auze madokotala opaleshoni isanachitike, ndipo atsatire zimene auzidwa za kamwedwe kake.

Ozonda, bambo ndi galasi

Kuzonda odwala ndi mwambo wabwino, koma umatha kutopetsa amene wazondedwayo. Mayi wozolowera kulandira alendo amadzuka kukaika ketulo pamoto ngakhale ali ndi ulusi pachifuwa. Amayi a Chigwirizano, a Dorcas ndi magulu ena a mpingo angathandize kwambiri akagawana masiku: lero uyu abweretsa ndiwo zophika kale, mawa uyo atenga zovala kukachapa. Wachifuwa kapena chimfine adikire achire. Nkhani za uje amene anachotsedwa bere n'kumwalira zitsale kuchipata.

Palinso zonena zofunika kuziwongola. Khansa sipatsirana pogona pamodzi, podyera mbale imodzi kapena pochapa zovala za wodwala. Siyamba chifukwa chosunga ndalama kapena foni m'kamisolo, ndipo mpeni wa dokotala suifalitsa. Bambo amve zimenezi kuchokera kwa dokotala mwini, n'chifukwa chake ndi bwino apite nawo ngakhale kamodzi. Tsiku loyamba kuona chilonda pagalasi ndi lolemetsa kwa amayi ambiri, ndipo mawu ndi nkhope ya mwamuna pa tsikulo zimakumbukika kwa zaka. Za m'chipinda zimabwerera mayi akamva kuti wakonzeka, koma awiriwo afunse za kulera, chifukwa mimba siyenera kubwera pa nthawi ya chemotherapy kapena ya mapiritsi a tamoxifen, ndipo njira za mapiritsi ndi jakisoni sizilangizidwa kwa amene wadwala khansayi.

Bala likapola, mayi akhoza kuika bere lofewa la thonje kapena loluka m'kamisolo, ndipo lolemerera la silikoni limadikira milungu 6 mpaka 8. Mabungwe monga Zambian Cancer Society ndi Breakthrough Cancer Trust amalumikiza odwala ndi amayi amene anadutsamo kale. Kucheza ndi mayi amene anachotsedwa bere zaka zapitazo, ali moyo ndipo akugulitsa pamsika, kumalimbitsa mtima kuposa uphungu wa munthu amene sanalawepo.

Ndalama ya basi isungidwe

Pakapita milungu ingapo zotsatira za kulabu zimatuluka, ndipo ndi zimene zimauza madokotala chochita. Ambiri amalemberedwa chemotherapy, imene kawirikawiri imaperekedwa milungu 3 iliyonse kwa miyezi ingapo. Ena amafunika radiotherapy ya tsiku ndi tsiku, ndipo ena amamwa mapiritsi monga tamoxifen kwa zaka 5 kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ambiri amagwera, poganiza kuti bere likachoka matenda atha, kapena chifukwa ndalama yonse inathera pa mlungu wa opaleshoni. Banja lifufuze msanga ngati khadi la inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA lili bwino ndiponso zimene limalipira. Anzake a chilimba angagwirizane kuti mayiyo alandire pa mwezi umene maulendo a ku Lusaka ayamba, ndipo wachibale wokhala ku Lusaka auzidwe nthawi ikadalipo kuti padzafunika pogona.

Inu amene mayi anu, mkazi wanu, mlongo wanu kapena mnansi wanu wapatsidwa tsiku la opaleshoni, tengani pepala lero. Lembani madzi, nsima, kuchapa, ana, msika ndi ulendo wa ku Lusaka, ndipo pambali pa chilichonse ikani dzina la munthu. Dzina la wodwalayo lisapezekepo kwa milungu 6.