Timawu tating'ono togwetsa ana pa Chingerezi

Makolo ambiri a pa Chiosya m'boma la Mchinji amadalira mtedza, soya ndi fodya kuti apeze ndalama zophunzitsira ana awo. Koma mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, omwe amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, satifiketi sapata ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi.

Pena pomwe ophunzira amapunthwa ndi pa aneni oyenda ndi timawu monga "up", "off" ndi "after". Kamawu kamodzi kamasinthiratu tanthauzo: "look for" ndi kufunafuna, "look after" ndi kusamalira, pomwe "give up" ndi kugonja.

Vuto limakula pakabwera mlowam'malo. Kunena kuti "switch off the radio" kapena "switch the radio off" n'kolondola konse. Koma wailesiyo ikatchedwa "it", kamawuka kayenera kulowa pakati: "switch it off". Wolemba "switch off it" wataya malikisi. Komabe lamuloli siligwira paliponse, chifukwa pa "look after" mlowam'malo amakhala kumapeto: "look after her".

Pa Chichewa zotere kulibe, poti mlowam'malo amamatirira ku mneni: izimitse, musamalire. N'chifukwa chake mwana womasulira liwu ndi liwu amasochera.

Njira yothandiza ndi kuloweza mneni aliyense pamodzi ndi "it". Kholo lingathe kuloza malaya, mwana n'kunena "put it on" povala ndi "take it off" povula.